Ndodo, nyemba ndi chimera: tchuthi chathu cha Ogasiti

Mwezi wa Ogasiti ndi umene ndimagona mochedwa kuposa miyezi ina yonse. Ndine telala, makina anga ali pakhonde pano ku Zingwangwa, ndipo tchuthi chachikulu chikangoyamba makolo amabwera ndi nsalu za mayunifolomu, aliyense akufuna zake zithe sukulu zisanatsegulidwe mu Seputembala. Ndanena zimenezi poyamba kuti musaganize kuti akulemba pano ndi mphunzitsi kapena mayi wokhala ndi nthawi yambiri. Sukulu ndinalekezera Folomu 4, ndipo zonse zimene ndisimbe zinachitika pakati pa kudula nsalu ndi kusoka.

Chaka chatha, mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, atatsala masiku ochepa kuti alowe Sitandade 5, ndinamutuma mabatani. Ndinati, "Malaya amodzi akufuna mabatani 6, ndiye malaya tili nawo 8. Ubweretse angati?" Anayang'ana kudenga, anawerenga zala, kenako anakhuthula mabatani pamkeka n'kuyamba kuwaunjika timilu timilu. Mu Julayi mwana yemweyu ankaimba masamu ochulukitsa kuyambira 2 mpaka 12 osapunthwa. Chimene chinandipweteka n'chakuti tchuthi chimenecho sanangokhala. Ndinkamulipirira pati taimu, ankapita m'mawa katatu pa sabata, ndipo kope lake linadzaza ndi manotsi olembedwa bwino. Sindikunyoza aphunzitsi a pati taimu, alipo amene amathandizadi ana. Koma wangayu ankakopera za pabolodi monga mmene amakopera teremu yonse, ndipo zokopera zija zinkakhala m'kope, m'mutu ayi.

Ndinapeza pambuyo pake kuti vutoli si la m'nyumba mwanga mokha. Ku America, kumene tchuthi chawo chachikulu chimapitirira miyezi iwiri, Harris Cooper ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 1996 n'kupeza kuti ana akamabwerera kusukulu amakhala atataya zophunzira za pafupifupi mwezi umodzi, ndipo zimene zimathawa msanga ndi masamu owerengetsera komanso kalembedwe kolondola ka mawu. Tchuthi chathu n'chachifupi poyerekeza ndi chawo, koma ana athu a mu Blantyre akhala akudukizidwa sukulu kangapo. Wangayu anali mu Sitandade 1 pamene sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo anakhala pakhomo miyezi yoposa isanu ndi umodzi asanadziwe n'komwe kugwira bwino pensulo. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo Malichi wa chaka chomwecho namondwe wa Freddy anabwera, makalasi ena n'kusanduka malo ogona anthu amene nyumba zawo zinapita ndi matope. Mwana wa maziko oterowo, mwezi umodzi wongokhala umamubweza kutali.

Chimene chinanditsegula maso chinachitika teremu yachitatu ya Sitandade 5. M'kalasi imeneyi maphunziro amakhala a m'Chingerezi, ndipo tsiku lina madzulo ndinamumva akuloweza tanthauzo la mawu akuti germination. Analitchula lonse osaphonya ngakhale liwu limodzi. Ndinamufunsa kuti, "Nanga chinthu chimenecho unachionapo ndi maso ako?" Anati ayi, mwina kusekondale kumene kuli labu. Mwana wodya nyemba kawiri pa sabata, amene agogo ake amafutsa chimera chaka ndi chaka, sankadziwa kuti mawu aja akungonena kumera. Pomwepo ndinazindikira chifukwa chake zinthu zimamuthawa tchuthi chikafika. Mawu amene alibe pogwira m'moyo wa mwana amakhala ngati nsalu yongoyanika pachingwe popanda chopanira, mphepo ikangoti pang'ono yagwa.

Ndiye tchuthi cha chaka chino ndalama ya pati taimu ndinagulira kope limodzi, pensulo ziwiri ndi rula. Lamulo linali limodzi lokha: chilichonse chimene tikuyesa, ulembe kaye zimene ukuganiza kuti zichitika, kenako uyeze, ulembe nambala, pomaliza ulembe zimene zachitikadi. M'Chichewa kapena m'Chingerezi, zili kwa iwe. Mlongo wake wamng'ono, wa Sitandade 2, ntchito yake inali kujambula.

Tinayamba ndi nyemba zimene zija. Tinadula mabotolo atatu apulasitiki, tinaikamo tizidutswa ta nsalu tonyowa totsala posoka, n'kupanikiza nyemba pakati pa nsalu ndi khoma la botolo kuti zizioneka. Botolo limodzi pawindo, lina m'katoni yotseka pansi pa bedi, lachitatu pawindo pomwepo koma nsalu yake youma. Iye analemba kuti choyamba kutuluka ndi tsamba, ndiponso kuti ya mumdima siimera. Masiku awiri oyamba panalibe chooneka kupatula kufufuma, ndipo Ogasiti kuno kumazizira, mbewu sizifulumira. Kamnyamata kanafuna kutaya zonse. Agogo awo, amayi anga, amene anabwera kuchokera ku Thyolo kudzatithandiza mwezi wotanganidwawu, anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lachinayi khungu la nyemba linang'ambika ndipo chinatuluka ndi kamuzu koyera, kolunjika pansi. Mtsikana uja anatembenuza botolo chagada kuti aone ngati muzu upite m'mwamba. Patapita masiku awiri unali utakhota n'kuyang'ananso pansi. Zimenezi sindinamuuze ine, anaganiza yekha, ndipo ndi tsiku limene ndinadziwa kuti chinthuchi chagwira.

Ya mumdima ndiyo inamusokoneza kwambiri. Inamera, ndipo inatalika kuposa ya pawindo, koma yowonda, yachikasu, yosatha kuima yokha. Anabwera kumakina kuti, "Amayi, nanga yadya chiyani mumdima muja?" Yankho ndinali nalo pakamwa, koma ndinaligwira. Ndinangoti akayang'ane mbali ziwiri za nyemba zija, zimene zimakwera limodzi ndi tsinde. Anakapeza zitakwinyika ngati zala za munthu wochapa tsiku lonse. Anabwera akuthamanga: chakudya chinali m'nyemba mwenimwenimo, ndipo chikutha. Ya pawindo inali ndi masamba obiriwira oti ayambe kudzipangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, ya m'katoni inkangotalika kufunafuna kuwala uku ikumaliza kamba wake. Ya nsalu youma sinachite kanthu mpaka lero.

Masamu analowa okha. M'mawa uliwonse ankayeza ndi rula, kulemba masentimita, kuchotsera za dzulo kuti adziwe yakula bwanji usiku umodzi. Pakutha pa sabata ndinamufunsa kuti pa tsiku imakula masentimita angati tikagawa mofanana. Kugawa kumamuvuta mpaka pano, ndipo tsikulo analakwitsa kawiri, koma sanaponye pensulo, chifukwa nyembayo inali yake ndipo ankafunadi kudziwa.

Za chimera ndiye zimene sindidzaiwala. Amayi anga sanapite patali ndi sukulu, koma ataona mabotolo aja anaseka n'kunena kwa mdzukulu wawo kuti, "Mkazi mnzanga, zimenezi ndiye sukulu? Bwera udzaone zanga." Ananyika chimanga m'madzi, anachitsanula, anachiika m'thumba lonyowa pamalo amdima, ndipo patapita masiku chinatulutsa timizu ndi tinsonga. Mwana uja anangoti kukamwa yasa: ndi germination yomwe ija, koma yodzaza lichero. Anaona yekha kuti chimanga sichigawika pawiri ngati nyemba, chimatulutsa kansonga kamodzi kosongoka, njere n'kutsala pansi. Atachiyanika ndi kuchigaya, tsiku lophika thobwa linafika.

Aliyense amene anakulira pakhomo pophikidwa thobwa amadziwa zimene zimachitika, koma ndi ochepa amene tinafunsapo chifukwa chake. Phala limakhala lolimba, loti mthiko kuima. Ukalisiya lipoleko pang'ono n'kuthiramo chimera, posakhalitsa limasungunuka, limakhala lamadzimadzi, ndipo limayamba kutsekemera usanaikemo shuga. Tinatapa phala lija m'makapu atatu. M'kapu yoyamba tinathira supuni ya chimera, yachiwiri supuni ya ufa wamba, yachitatu chimera chimene tinayamba tachiwiritsa pachokha m'kapoto. Mwana analemba kuti makapu onse alimba kwambiri, poti ukawonjezera ufa m'phala limalimba, ndipo kuganiza kumeneko sikunali kopusa. Patapita mphindi zosakwana 20 kapu yoyamba inali yoti n'kumwa, zinazo zili gwa. Analawa n'kunena kuti yoyambayo ikutsekemera.

Apa ndinafotokoza zimene ndimakumbukira za kusekondale. Njere ikayamba kumera imapanga mankhwala ake otchedwa amylase, ophwanya sitachi wa m'njeremo kuti asanduke shuga woti kammera kadye. Ukaumitsa chimera n'kugaya, mankhwalawo amakhala akadalimo, ndipo ukawathira m'phala amagwira ntchito yomweyo pa sitachi wa phalalo. Moto wambiri umawapha, n'chifukwa chake chimera chowiritsa chija sichinachite kanthu. Amayi anga anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati iwo anauzidwa ndi amayi awo kuti chimera sathira phala likubwadamuka, umayamba wayesa ndi chala. Mdzukulu wawo analemba mawu amenewo m'kope, pansi pa mawu anga, ndipo anajambula mzere wolumikiza ziwirizo. M'malovu mwathu mulinso amylase yemweyu, ndiye madzulo ake ana onse awiri anakhala pamkeka akutafuna nsima yopanda ndiwo kwa nthawi yaitali kudikira kuti imveke kutsekemera.

Kuyambira tsiku limenelo agogo anakhala mphunzitsi wamkulu. Ndi iwo amene anabweretsa za chidulo. Anaotcha zitsononkho, anaika phulusa m'kachitini koboola pansi, n'kumadontheza madzi kuti tiphikire therere. Ine ndinali ndi chidede chouma chimene ndinagula kumsika, ndiye ndinachiviika m'madzi otentha mpaka madzi anafiira. Tinagawa madziwo m'timakapu toyera. M'kena tinafinyiramo ndimu, ndipo anawala kufiira kwambiri. M'kena tinadonthezeramo chidulo, ndipo pamaso pathu anada n'kusanduka obiriwirako. Soda wophikira anachitanso chimodzimodzi. Ana a nyumba zoyandikana nafe anali atayamba kale kubwera, ndipo tsiku limenelo pakhonde panga panali ana asanu ndi awiri, aliyense akuthamangira kwawo kukatenga choti ayese: viniga, madzi a sopo, madzi a bwemba, madzi a mchere. Anapanga magulu awiri paokha, zofiiritsa ndi zodetsa, ndipo za mchere zinakhala pakati chifukwa sizinasinthe kanthu. Mawu akuti asidi ndi alikali ndinawatchula pamapeto penipeni, magulu atapangidwa kale. Wina atafunsa ngati mtundu ungabwerere, tinafinyira ndimu m'kapu ya chidulo ija, ndipo kufiira kunabwerera. Kukuwa kwake kunamveka mpaka kumsewu. Chidulo ndinkagwira ndine kapena agogo, chifukwa chikalowa m'maso chimapweteka, ndipo palibe mwana amene ankaloledwa kulawa za m'timakapu timeneto.

Zina tinangodutsamo. Tinafufumitsa baluni pakamwa pa botolo la madzi ofunda, shuga ndi yisiti wa mandasi. Tinasefa madzi amatope ndi mchenga, makala ndi nsalu, ndipo ndinabwereza katatu kuti madzi oyera m'maso si madzi abwino kumwa, ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala, chifukwa kolera tinamuona ndi maso athu mumzinda muno. Loweruka lina tinakwera minibasi kupita ku Museum ya ku Chichiri, kumene panja pali sitima yakale yoyendera nthunzi, ndipo pobwera kamnyamata kanakhala pafupi ndi mbaula kuonerera chivundikiro cha poto chikuvina.

Koma pali tsiku limodzi limene ndinalowa m'chipinda n'kukhala kaye ndekha. Kwathu kuno ukatuluka pakhomo umaona phiri la Soche, ndipo zipsera zimene Freddy anasiya mu Malichi 2023 zikuonekabe, mizere yotsika kumene matope ndi miyala zinadutsa kupita kunyumba za anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. Mwana wanga anali ndi mnzake wa m'kalasi amene sanabwererenso. Nkhaniyi sitinkaikamba. Tsiku lina akutsuka mbale anangofunsa, osandiyang'ana, kuti n'chifukwa chiyani phiri linagumuka. Ndinaganiza zomuuza kuti zinangochitika, monga mmene akuluakulu timayankhira. Koma tinali titagwirizana kuti funso lililonse tiziliyesa.

Tinatenga zigubu ziwiri zakale za malita 5, tinazidula m'litali, pakamwa pake n'kutsala ngati mpopi. M'china tinaikamo dothi lokhalokha, m'chinacho dothi lokhala ndi kapinga wake, lokumbidwa ndi mizu yomwe kuseri kwa bafa. Tinazitsamiritsa pa njerwa mofanana kuti zikhale ngati mtsetse, n'kuthira madzi ofanana, makapu 4 chilichonse, kudzera m'chitini choboola ngati mvula. Ku dothi lopanda kanthu madzi anatuluka nthawi yomweyo, ofiira, odzaza kapu. Ku kapinga anachedwa, anatuluka ochepa, oyererako. Iye anayeza madzi onse awiri, anadikira matope akhazikike pansi, anayeza kuchindikala kwake ndi rula. Kenako anati tipitirize kuthira ku kapinga kuja osaleka. Tinathira, tinathira, mpaka dothi linakhuta, madzi anayamba kuyenda pamwamba, ndipo chigawo chonse chinatsetsereka pamodzi ndi udzu womwe.

Ndinamuuza zoona zake: mitengo ndi udzu zimagwira dothi ndi kuchedwetsa madzi, ndipo phiri lodulidwa mitengo limavulala msanga, koma mvula ya Freddy inagwa masiku angapo osaleka, dothi la pamtsetse likakhuta madzi limalemera n'kuterereka, ndipo anthu amene anamanga m'munsi muja sanamange chifukwa chopusa, anamanga kumene anapeza malo. Sindinkafuna achoke pamenepo akuganiza kuti mnzake anafa chifukwa makolo ake analakwa. Analemba tsamba lonse tsiku limenelo, zambiri kuposa tsiku lina lililonse. Sindinawerenge, ndipo sanandipatse kuti ndiwerenge.

Chimene chatenga nthawi yaitali kuposa zonse n'chosavuta kuposa zonse. Sabata yoyamba ya tchuthi bambo awo anazika ndodo yowongoka pabwalo, pamalo osalala, kutalika kwake mita imodzi kuchokera pansi. Tinaiwongola ndi ulusi womangirira mwala. Ana ankaika kamwala pamene mthunzi wa ndodo wathera, ola lililonse, n'kuyeza ndi tepi yanga yosokera. Ndinawafunsa kuti mthunzi ufupika kwambiri nthawi yanji, ndipo tonse, ine ndemwe, tinati 12 koloko. Atayamba kuyeza mphindi zisanu zilizonse anapeza kuti umafupikitsitsa cha m'ma 11:45, ndipo 12 koloko ikamakwana umakhala wayambanso kutalika. Mtsikana anati wotchi ya pafoni yanga ikunama. Bambo ake, amene amakonda mapu, ndi amene anamasula: nthawi imene timayendera m'Malawi muno ndi yofanana ndi ya ku Lusaka, Harare ndi Johannesburg, yowerengedwa pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa, pamene Blantyre ali pa madigiri 35. Dziko limazungulira digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse. Anamusiya kuti achulukitse yekha 5 ndi 4, ndipo anapeza kuti dzuwa limafika pakati pa thambo lathu mphindi pafupifupi 20 wotchi isanati 12.

Anaonanso kuti masana mthunzi sunali pansi pa ndodo, unkaloza kummwera, chifukwa miyezi imeneyi dzuwa limadutsa chakumpoto kwathu. Kumayambiriro kwa Ogasiti mthunzi wa masana unali masentimita 65. Masiku ena chiperoni chinkatseka kumwamba, kamvula kowaza kaja ndi nkhungu, ndipo m'kope ankangolemba kuti lero dzuwa kulibe. Mphepo imeneyi dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene imachokera, ndipo zimenezonso zinalowa m'kope. Pofika kumapeto kwa mwezi mthunzi unali utatsika kufika masentimita 47. Iye anachotsera, anapeza 18, ndipo anafunsa funso limene ndinkalidikira: ukapitiriza kufupika chonchi, udzatha?

Apa ndiime kaye ndinene maganizo anga kwa makolo anzanga, chifukwa ena mwa amene amabwera kudzasoketsa anandifunsa ngati zimenezi zingalowe m'malo mwa kuwerenga. Sizingalowe. Mwana wanga ankawerengabe buku lake la Chingerezi madzulo, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 sadzamufunsa za chidulo cha agogo ake. Koma kuwerenga ndi masamu zimafuna chifukwa choti mwana azigwiritsire ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo mwana wa zaka 11 sangakhale mwezi wathunthu akuchulukitsa manambala opanda nkhope. Kope lija ndi limene linagwira ntchito yaikulu. Popanda kulemba ndi kuyeza, zonsezi zikanangokhala masewera okoma a tsiku limodzi. Ndipo chovuta kwambiri kwa ine sichinali kupeza zipangizo, poti zonse zinali za m'khitchini ndi pabwalo. Chovuta chinali kutseka pakamwa. Ife tinaleredwa kuti wamkulu amayankha, mwana amamvera, ndipo mwana akalakwitsa timamukonza msanga. Koma mtsikanayu zimene akukumbukira bwino lero ndi zimene anayamba walemba molakwika: tsamba loyamba kutuluka, phala lolimba, 12 koloko. Ndikanamuuza yankho asanaone, zikanapita kumene anapita manotsi a pati taimu.

Za nthawi musadandaule kwambiri. Ine sindinasiye makina. Kuyambitsa chinthu kunkanditengera mphindi 10 kapena 15 m'mawa, zotsalazo ankachita okha, n'kumabwera kudzandionetsa uku ndikupinda mipendero. Ndipo m'nyumba zambiri muli munthu wodziwa zinthu amene ana samuona ngati mphunzitsi: agogo ofutsa chimera, amalume okonza njinga, achemwali ophika mandasi, mnyamata wa pafupi wopinda magalimoto amawaya. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anamanga makina amphepo opangira magetsi ali mnyamata wosiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, njinga yakale ndi buku la ku laibulale. Si mwana aliyense adzafike pamenepo, ndipo si cholinga changa. Ine ndinkangofuna kuti wanga alowe Sitandade 6 mutu uli maso.

Sukulu zitatsegulidwa sindinamuyese ndi mabatani. Kugawa manambala aakulu kukumuvutabe, chimangirizo cha Chingerezi amalemba mwapang'onopang'ono, ndipo kalasi yake ndi yodzaza mpaka pakhomo monga kale. Chimene chasintha n'chakuti akamva mawu atsopano a sayansi amabwera kudzafunsa kuti kunyumba kuno chinthu chimenecho ndi chiti. Agogo anabwerera ku Thyolo, koma akaimba foni amafunsa za kope asanafunse za ine.

Ndodo ija sitinazule. Loweruka lililonse mtsikana ankayeza, ndipo manambala ankatsikabe mu Seputembala ndi Okutobala monse, kutentha kukukwera. Anaona kuti nthawi yofupikitsitsa nayo ikusendera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndiye Loweruka loyamba la Novembala anakhala pabwalo kuyambira 11 koloko, chitenje changa kumutu, mlongo wake atagwira foni kuti azitchula mphindi. Ine ndinali pa makina. Cha m'ma 11:25 ndinamva, "Amayi, bwerani msanga, wathawa!" Ndinasiya diresi la mwini wake pa singano n'kutuluka. Ndodo inaima yokha padzuwa, mthunzi wake utangotsala kadontho patsinde, wosakwana n'chala chomwe. Dzuwa linali pamwamba penipeni pa Blantyre, monga limachitira kawiri pa chaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Tinadziyang'ana tokha, ndipo mithunzi yathu inali pansi pa mapazi.

Kamnyamata kanafunsa ngati mthunzi ubwerenso. Mchemwali wake anati ubwera, koma anaima kaye, pensulo ili pakamwa, akuyang'ana timiyala takale tija toloza kummwera. Kenako analemba m'kope kuti mu Disembala mthunzi wa masana udzatulukira mbali inayo, kumpoto, ndipo anatola mwala n'kukauika kumeneko kuti udikire. Wandipempha kuti pa tchuthi cha Khirisimasi ndimubwereke tepi yanga masana alionse, mvula ikalola.